Gitala ya mlombwa ndi mbawa: mafunso a mmisiri wa ku Nyampande

Kudera la Mfumu Nyampande, ngakhalenso ku Petauke ndi ku Nyimba konse, mnyamata wofuna kuimba sadikira kuti wina akamugulire chida ku Lusaka. Amatola chigubu cha mafuta ophikira, n'kusema khosi, n'kusomola waya wa mabuleki a njinga, banjo yatheka. Koma ambiri mwa anyamatawa, pamodzi ndi akalipentala amene amakhoma zitseko ndi mabedi pa Boma, amafunsa ngati angathe kupanga gitala ya nsambo 6, ya matabwa okhaokha, yolira molondola mpaka pafureti yomaliza. Angathe, ndipo mitengo yake ili konkuno.

Kodi si zoona kuti gitala yabwino imafuna matabwa akunja?

Choonadi chilimo, koma chochepa. Magitala a m'sitolo amatsata mwambo wa amisiri a ku Spain ndi ku America: kumaso amaika spruce, mtengo wa kumaiko ozizira wofanana ndi paini, kumsana ndi m'mbali rosewood, khosi la mahogany, podina zala ebony. Amisiriwo anazolowera mitengoyi chifukwa ndiyo inkafika pakhomo pawo ndi amalonda, ndipo chizolowezicho chinasanduka lamulo.

Amene anagwedeza lamuloli ndi amisiri akuluakulu omwewo. Mu 1862 Antonio de Torres, amene anakhazikitsa maonekedwe a gitala ya ku Spain monga tikuidziwira lero, anapanga gitala ya msana ndi mbali za mapepala omatidwa pamodzi, thabwa labwino n'kuliika kumaso kokha. Gitalayo ikusungidwa m'nyumba ya zoimbira zakale ku Barcelona. Mu 1995 kampani ya Taylor ya ku California inaphwasula mapaleti akale onyamulira katundu n'kupangira gitala, pofuna kuonetsa kuti mawu amachokera m'manja mwa mmisiri.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mitengo ya kwathu inalowa kalekale m'zoimbira za dziko lonse, eni akefe tikuiona ngati nkhuni. Mtengo wa phingo, umene umamera m'malo otentha ngati chigwa cha Luangwa, ndiwo amapangira zitoliro za clarinet ndi oboe, ndipo wambiri umachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Abale ake a mbawa a kumadzulo kwa Africa ali m'makosi ndi m'misana ya magitala osawerengeka a m'mafakitale. Makalimba a Hugh Tracey, amene amagulitsidwa kutali kuchokera ku South Africa, ndi a mlombwa.

Nanga mtengo uti upite pati?

Gawo lililonse la gitala lili ndi ntchito yake, choncho funso si lakuti mtengo wabwino ndi uti, koma wabwino pantchito iti.

Msana ndi mbali zimafuna thabwa lolimba bwino, losapindika nyengo ikasintha. Apa mlombwa, umene akalipentala ambiri m'Zambia amautcha mukwa, ulibe wopikisana nawo. Umauma popanda kufota kwambiri, ndipo ukauma suyendayenda, n'chifukwa chake chitseko cha mlombwa sichikanirira m'dzinja pamene cha paini chatupa. Umalola pulena, umamatika bwino, ndipo ukaugogoda umalira. Makolo anadziwa zimenezi: ng'oma, mitondo ndi mabwato ambiri anali a mlombwa. Gwiritsani ntchito mtima wake wofiirira wokha. Mbali yoyera ya kunja imafumbwa.

Khosi limafuna thabwa lowongoka, lopanda mfundo, losalemera kwambiri. Mbawa, imene imakonda m'mphepete mwa mitsinje, ndiyo yoyenera, pakuti ndi ya banja limodzi ndi mahogany wa ku America. Mlombwa wowongoka nawonso umatha ntchitoyi.

Thabwa la mafureti, pamene zala ndi nsambo zimakhula tsiku ndi tsiku, limafuna mtengo wouma gwa. Kuchigwa kuli tsanya, mtengo wolemera moti chidutswa chake chimamira m'madzi. Chipika cha tsanya cha mita imodzi mbali zonse chimapyola makilogalamu 1,000, pamene cha mlombwa chimangopitirira 600 pang'ono. Tsanya amabunthitsa sowo ndi pulena, ndipo mmisiri amanola zida mpaka kutopa, koma kathabwa kake mukakapala kamasalala popanda vanishi. Muwanga ndi msambamfumu, umene ena amati mupapa, nazonso zimagwira. Phingo ndiye mfumu yake, ngati mwapeza chidutswa chowongoka cha masentimita 50, zomwe sizichitika kawirikawiri chifukwa mtengowu umakula mokhotakhota.

Musanyoze mango. Ku Hawaii amapangira timagitala ta ukulele, ndipo thabwa lake limatuluka ndi mizere yokongola. Vuto lake ndi lakuti limachita nkhungu ndi kufumbwa msanga likachedwa kuuma. Bulugamu yekha ndi amene sindingamulangize munthu woyamba kumene, chifukwa amang'aluka ndi kupotoka poumitsa.

Mwadumpha thabwa la kumaso. Pali vuto?

Lilipo, ndipo apa ndi pamene magitala ambiri opangira pakhomo amafera. Mmisiri amaganiza kuti mtengo wolimba kwambiri ndiwo ulire kwambiri, n'kuika thabwa lochindikala la mlombwa kumaso. Gitalayo imaoneka bwino koma mawu ake amakhala otsamwa.

Nsambo payokha ilibe mawu omveka patali. Imagwedeza kathabwa kamene yamangidwapo, kathabwako n'kugwedeza thabwa lonse la kumaso, ndipo thabwalo ndi limene limakankha mpweya. Mphamvu ya nsambo ndi yochepa, motero thabwa lolemera siingaligwedeze mokwanira. Pamafunika thabwa lopepuka koma losawerama msanga. Spruce amapambana apa chifukwa chipika chake chimangolemera makilogalamu 400 ndi kanthu.

Kwathu kuno njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi paini wopanda mfundo, wa mizere yowongoka ndi yothithikana, amene mungamusankhe mwa matabwa ambiri pamalo ogulitsira. Yachiwiri ndi malaina, mtengo wopepuka umene unabzalidwa m'masukulu ndi m'mamishoni ambiri. Yachitatu ndi mbawa yomweyo, yopalidwa mopyapyala. Kampani ya Martin ya ku Pennsylvania inayamba kugulitsa magitala a mahogany thupi lonse mu 1922, ndipo oimba ambiri amawakonda mpaka lero chifukwa cha mawu ake ofunda, osabaya m'khutu. Ine ndingasankhe mbawa, chifukwa paini wa m'minda amakula mothamanga ndipo nthawi zambiri amakhala wofewa mopitirira.

Thabwa la kumaso lipalidwe mpaka mamilimita 2.5 kapena 3, la mbawa lichepereko pang'ono. Kuti mudziwe ngati lafika, ligwireni ndi zala ziwiri chapafupi ndi nsonga, mulilendewetse pafupi ndi khutu, n'kuligogoda pakati ndi mfundo ya chala. Likadali lochindikala limangoti "go". Mukamapala, mawu amatsika n'kuyamba kutalika, ndipo thabwalo limayamba kugwedera m'zala zanu. Likayamba kuwerama mosavuta m'litali, mwapitirira. Mkati mwake mumamatamo timitengo topepuka tolimbitsa. Pagitala ya nsambo zachitsulo, tiwiri tikulutikulu timapingasana pansi pa bowo, njira imene C. F. Martin anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1840.

Thabwa ndagula dzulo kwa ocheka, ndipo likuoneka louma. Ndiyambe?

Ayi, dikirani. Thabwa limauma kunja msanga pamene mkati mudakali madzi. Pa bedi kapena pa benchi zimenezi zimapirika. Pa gitala, pamene matabwa ndi opyapyala ndipo amatidwa mbali zonse, thabwa likafota lilibe kothawira, limangong'ambika.

Choyamba ndi kachekedwe. Yang'anani kumapeto kwa thabwa muone mizere ya zaka za mtengo. Ikakhala yoimirira, kuchoka pamwamba kutsika pansi, thabwalo silidzapindika kwambiri. Ikakhala yogona ngati uta, lidzakungika. Ocheka ambiri amangodula chipika motsatizana, choncho matabwa a mizere yoimirira ndi aja ochokera pakati pa chipika. Apempheni amenewo, ndipo mtima weniweni wa pakatikati muuchotse chifukwa umang'aluka.

Kenako lidulenidulenitu m'miyeso yoyandikira imene mukufuna, poti kathabwa kakang'ono kamauma msanga. Pakani penti yakale kapena phula la kandulo kumapeto konse kuwiri, chifukwa madzi amathawira kumeneko mofulumira n'kusiya ming'alu. Sanjani matabwawo mumthunzi, m'nyumba mopita mphepo, mutalekanitsa ndi timitengo tofanana kukula, pamwamba n'kutsindika ndi njerwa. Padzuwa ayi. Amisiri amawerengera chaka chimodzi pa mamilimita 25 alionse a kuchindikala kwa thabwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makina oyezera chinyezi si ofunika. Sikelo ya pamsika ikwanira. Yezani kathabwa kamodzi sabata iliyonse n'kulemba kulemera kwake pakathabwa pomwepo ndi pensulo. Manambala akasiya kutsika kwa mwezi wathunthu, thabwalo lafanana ndi mpweya wa m'nyumbamo.

Chotsala ndi nyengo, ndipo ichi ambiri sachiganizira. Kuno mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo matabwa amamwa chinyezi n'kutupa. Gitala yomatidwa mu Febuluwale imatsekedwa matabwa ake ali otupa. Ikafika Okutobala, dzuwa la kuchigwa lija litakwiya, thabwa la kumaso limafota n'kung'ambika kuchokera pakathabwa ka nsambo kutsika mmunsi. Yomatidwa nthawi youma, m'dzinja imangotukuka pang'ono n'kubwerera. Choncho semani khosi ndi kupala matabwa nthawi ina iliyonse, koma kumata timitengo ta mkati ndi kutseka thupi kuchitike pakati pa Ogasiti ndi Okutobala.

Kodi pamenepa simukutituma kukagwetsa mitengo imene yatsala pang'ono kutha?

Funsoli n'loyenera. Aliyense woyenda pa Great East Road amaona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu, ndipo nkhani ya mukula tonse tikuidziwa: mbale wake wa mlombwa ameneyu anakokoloka m'nkhalango za Zambia kupita ku China, mpaka boma linaletsa kudula mu 2014 n'kubwerezanso mu 2017. Mu 2019, dziko la Malawi litapempha, mukula unalowa m'ndandanda wa pangano la CITES, lomwe limayang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi. Pamsonkhano wa ku Panama mu 2022 anawonjezeramo mlombwa, mbawa ndi msambamfumu. Phingo linalowa kale pamsonkhano wa ku Johannesburg mu 2016. Malamulowa amagwira kwambiri zipika ndi matabwa odutsa malire, koma m'dziko mommuno lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo cha a Forestry podula ndi ponyamula matabwa, ndipo pamalo a mfumu mawu a mfumu amafunikanso. Mlombwa umakula pang'onopang'ono: mtengo wokwanira kucheka unamera agogo anu asanabadwe.

Tsono taonani kuchepa kwa thabwa limene gitala imadya. Msana ndi timatabwa tiwiri ta masentimita 53 m'litali ndi 20 m'lifupi. Mbali ndi tiwiri ta 80 ndi 12. Kuchindikala kwa zonsezi kumathera pa mamilimita 2 kapena 2.5. Gitala yonse yomalizidwa imalemera pafupifupi makilogalamu 2. Chitseko chimodzi chakale cha mlombwa, chochekedwa mosamala, chimatulutsa misana ndi mbali za magitala angapo, ndipo chinauma zaka makumi apitawo, chinthu chimene ndalama sizingagule kwa ocheka. Matebulo othyoka, mabenchi akale a m'tchalitchi, mafelemu a mawindo a nyumba zogumulidwa, zidutswa zimene akalipentala amasonkhezera moto, mtengo wa mango wogwa ndi mphepo: mmenemo ndi momwe mmisiri wa magitala ayenera kusakamo. Kugwetsa mlombwa wamoyo chifukwa cha gitala imodzi palibe chifukwa chake. Ingosamalani misomali yobisika, chifukwa umodzi wokha umawononga pulena.

Popanda makina, mbali zokhota zija zimapindidwa bwanji?

Ndi moto ndi madzi, monga ankachitira Torres. Pezani paipi yachitsulo yotakata masentimita 6 kapena 8, muimangirire zolimba pabenchi itagona, n'kuika makala amoto mkati mwake. Donthezani madzi pamwamba. Dontho likangokhala n'kumauma pang'onopang'ono, paipi sinatenthe. Likamadumphadumpha n'kuthawa, yafika.

Nyowetsani kathabwa, kosakunyika usiku wonse, n'kukagoneka papaipi mutagwira uku ndi uku. Kayendetseni pang'onopang'ono mukukanikiza mopepuka. Poyamba kamakana. Nthunzi imatuluka, fungo la mlombwa n'kudzaza m'chisakasa, kenako mumamva m'manja kuti kafewa ndipo kakugonja kokha. Pamenepo ndiye pindani. Mukakakamiza nthawi isanakwane mudzamva "tswa", ndipo kathabwa kathera pomwepo. Pouma nyowetsaninso. Mbawa imafuna kuleza mtima koposa, chifukwa ulusi wake umalukanalukana ndipo umakonda kutukuka pokhota kwambiri. Yambani mwayesera pa zidutswa zotaya. Mukapinda, ikani mbaliyo m'chikombole cha pulayiwudi chodulidwa monga thupi la gitala, igone mmenemo mpaka mawa.

Zida zina ndi zomwe kalipentala ali nazo kale: sowo, pulena yakuthwa, tchizulo, tupa, sandipepala ndi rula yachitsulo. Zopanira zikachepa, malegeni a chubu cha njinga amagwira bwino kwambiri pomata. Fumbi la mlombwa ndi la phingo limayabwa pakhungu ndipo limatsamwitsa, choncho phimbani mphuno ndi pakamwa popala.

N'chifukwa chiyani magitala opanga okha amalira bwino kumutu, koma ukatsika m'khosi mawu amasokonekera?

Ndi mafureti oikidwa ndi maso. Mtengo ulibe mlandu apa. Gitala ya matabwa wamba ya mafureti olondola imaimbika m'kwaya, pamene ya phingo ya mafureti olakwika singayende ndi kiyibodi ngakhale nyimbo imodzi.

Masamu ake ndi a pulayimale. Sankhani utali wa nsambo, kuchokera pakafupa ka kumutu kufika pakafupa ka pamimba. Tinene kuti ndi mamilimita 650, muyeso wa magitala a ku Spain. Gawani 650 ndi 17.817, mupeza 36.5. Fureti yoyamba ikhale pamenepo. Chotsani 36.5 pa 650, patsala 613.5. Gawaninso ndi 17.817, mupeza 34.4, kutanthauza kuti fureti yachiwiri ili pa 70.9 kuchokera kumutu. Pitirizani chomwecho. Yachitatu igwera pa 103.4, yachisanu pa 163, ya nambala 7 pa 216.2, ndipo ya nambala 12 iyenera kugwera pakati penipeni, pa 325. Ikaphonya pamenepo, mwalakwitsa penapake, bwererani. Poika zizindikiro pathabwa, yezani fureti iliyonse kuchokera kumutu, osati kuchokera pa inzake, kuti kulakwitsa kwakung'ono kusaunjikane. Lembani ndi nsonga ya mpeni, chifukwa mzere wa pensulo ndi wonenepa.

Pali kachinsinsi kena. Mukadina nsambo mumaikoka pang'ono, ndipo mawu amakwera. Pobwezera, kafupa ka pamimba kamasunthidwa mamilimita 2 kutali ndi khosi, ndipo pa nsambo zachitsulo kamapendekeka kuti nsambo zonenepa zitalikeko kuposa zowonda. Foni ya pulogalamu yotchunira idzakuuzani ngati mwakhoza: mawu a pafureti 12 afanane dzina ndi a nsambo yosadina.

Waya weniweni wa mafureti, makiyi okungira ndi nsambo, izi gulani. N'zotsika mtengo poyerekeza ndi miyezi imene mwathera pa thabwa. Masipoko a njinga amagwira pa banjo, koma amavuta kulinganiza ndipo amazuka. Tifupa tiwiri tija semani kuchokera ku fupa la mwendo wa ng'ombe, lowiritsidwa mpaka mafuta atatha n'kuumitsidwa.

Khosi lija limawerama pakapita miyezi. Tingaliletse?

Nsambo 6 zachitsulo zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, usana ndi usiku, kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50 litapachikidwa pakhosipo. Za nayiloni zimakoka pafupifupi theka lake. Khosi likagonja, nsambo zimakwera ndipo zala zimapweteka. Pafureti 12, nsambo yonenepa yachitsulo italikire fureti ndi mamilimita 2.5 okha, ya nayiloni 4.

Mafakitale amaika chitsulo chokungika m'khosi, luso limene kampani ya Gibson inalembetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Mukachisowa musade nkhawa: Martin inakhala ikuika chitsulo chosakungika mpaka 1985. Gobani ngalande pakati pa khosi, mumatiremo kachitsulo kowongoka ka makona anayi, thabwa la mafureti n'kuvindikira. Njira ina ndi kung'amba khosi pakati m'litali, kutembenuza chidutswa chimodzi, n'kumata ndi kamzere ka tsanya pakati, kuti mbali ina ikafuna kupotoka inzake izikaniza.

Guluu ndi vanishi?

Guluu woyera wa akalipentala akwanira, bola matabwa akhudzane bwino popanda mpata. Wa nsapato ayi, chifukwa amatamuka ndipo kathabwa ka nsambo kadzazuka. Guluu wophika kuchokera ku chikopa cha ng'ombe ndiye amene amisiri akale ankagwiritsa ntchito, ndipo amamasuka ndi madzi otentha pofuna kukonza. Vanishi pakani wochepa kwambiri, makamaka kumaso. Ambiri amathira wonenepa kuti gitala iwale, n'kupha mawu amene anawavutikira popala.

Nanga yamagetsi?

Imeneyo ndiyo yosavuta. Palibe kupinda, palibe thabwa lopyapyala. Fender Telecaster, imene inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndi thabwa limodzi la mamilimita pafupifupi 45, khosi lomangidwa ndi masikuluwu anayi. Mbawa kapena mlombwa zimakwana. Ndalama zimapita ku mapikapu ndi mawaya, ndipo masamu a mafureti ndi omwe aja.

Ndiye banjo ndi babatoni tizisiye?

Ndani wanena? Kalindula amene anagwedeza Zambia m'zaka za m'ma 1980 anakulira pa zida zopanga okha. Ku Malawi, Allan Namoko anatchuka ndi banjo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi a Madalitso Band a ku Lilongwe afika nayo babatoni pa zikondwerero za ku Ulaya, ndipo anthu kumeneko amaikonda chifukwa sinafanane ndi chilichonse cha m'sitolo. Kuno ku Petauke, John Blacking anabwera mu 1961 kudzaphunzira kalimba ya Ansenga n'kulemba za kaimbidwe kake, umboni wakuti amisiri a zoimbira analipo kale, odziwa kusankha thabwa, kusula chitsulo ndi kutchuna ndi khutu.

Amisiri amenewo ali ndi phunziro kwa wopanga gitala. Pachipanda cha kalimba ankaboola kabowo n'kumatapo kansalu koyera kamene kangaude amasungiramo mazira, kuti mawu azinjenjemera. Mmisiri wa ku Spain akanati chimenecho ndi chilema, koma khutu la kuno limachifuna. Choncho miyeso ya mafureti itsateni ndendende, pakuti imeneyo siisintha, koma kukula kwa thupi, kuzama kwake ndi kalilidwe kake mukhoza kuzikonza kuti zigwirizane ndi nyimbo za kwanu ndi oimba amene adzaigule.

Munthu amene sanapangepo ayambire pati?

Pa gitala yakufa. M'matchalitchi ndi m'masukulu ambiri muli gitala yothyoka khosi kapena yobooka msana imene yangopachikidwa. Ipempheni. Imasuleni msana ndi mpeni wopyapyala wotenthetsa, muone mmene timitengo ta mkati tinaikidwira, muyeze chilichonse n'kujambula papepala la simenti. Kenako ipangireni msana watsopano wa mlombwa. Ntchito imeneyi idzakuphunzitsani kulumikiza matabwa awiri popanda mpata, kupala mpaka mamilimita 2.5, kumata ndi malegeni ndi kubwezera khosi pamalo pake, zonsezi musanaike pangozi thabwa lanu labwino. Ikakanika kudzuka, makiyi ake, mafureti ndi chitsulo cha m'khosi muzisunge, zidzalowa m'gitala yanu yoyamba. Matabwa a gitala imeneyo adulenitu lero n'kuwasanja mumthunzi, kuti pofika Ogasiti wa chaka chamawa adzakhale atauma.